Makina Nawonso Ali ndi Mayina Awiri

Mudzi waukulu umene uli pa nsonga ya dziko la Mfumu Nankumba, m'boma la Mangochi, umadziwika ndi mayina awiri. Msodzi wa pa Msaka, kapena mayi wogula usipa wochokera ku Monkey Bay, akanena kuti akupita kwa Chembe aliyense wa kunyanja amamva. Koma mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere amafunafuna Cape Maclear, dzina limene David Livingstone adatcha nsongayo polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Dzina lina ndi la anansi, lina ndi la anthu akutali, ndipo amene adziwa limodzi lokha tsiku lina adzasokera.

Tatchula zimenezi chifukwa makompyuta nawonso amadziwana ndi mayina awiri, lina la pakati pa anansi olumikizidwa pa waya mmodzi, lina lofikira kutali. Danga lino likufuna kunena poyera kuti nkhani imeneyi yasiyidwa m'manja mwa akatswiri a m'mizinda nthawi yaitali mokwanira. Anyamata ndi asungwana athu amatuluka m'sukulu akudziwa kutaipa kalata, koma waya akaleka kulankhula onse amapinda manja kudikira munthu wochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ngakhale kumene nkhani ya netiweki imaphunzitsidwa, kawirikawiri imathera pa bolodi. Ife tikuti phunziro la mayina a makina lifike m'manja mwa ophunzira, pa zifukwa ziwiri: limapatsa munthu luso lodyera, ndipo limamuteteza ku chizolowezi choopsa chokhulupirira nambala ngati mboni yosanama.

Nkhani yake idayambira pa zilumba. M'chaka cha 1971 akatswiri a pa yunivesite ya Hawaii, motsogozedwa ndi Norman Abramson, adalumikiza makompyuta a pa zilumba zosiyanasiyana pogwiritsa ntchito wailesi, ambiri nkumalankhulira pa mpata umodzi. Robert Metcalfe, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Xerox mu mzinda wa Palo Alto ku California, adaphunzira njira imeneyi ndipo pa 22 May 1973 adalemba chikalata chofotokoza mmene ingagwirire ntchito pa waya. Adaitcha Ethernet, ndipo adaimanga pamodzi ndi mnzake David Boggs. Makina onse a m'nyumba imodzi ankamangiriridwa pa waya mmodzi wautali, monga mikanda pa ulusi.

Pa waya woteroyo padafunika mwambo wa pabwalo la milandu. Makina ofuna kulankhula ankayamba amvetsera ngati pali wina amene akulankhula. Awiri akayamba nthawi imodzi, onse ankaleka, aliyense nkudikira kanthawi kosiyana ndi ka mnzake asanayeserenso. Koma padatsala vuto lina. Pabwalo munthu amaloza ndi maso amene akumuyankha, pamene pa waya palibe maso, ndipo mawu a mmodzi amafika kwa onse. Choncho uthenga uliwonse udayenera kunyamula dzina la mwini wake ndi dzina la woutumiza.

Pa netiweki yoyamba ija dzinalo lidali lalifupi. Kompyuta imawerenga ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo chizindikiro chimodzi chimatchedwa bit. Dzina la ma bit 8 limapatsa mayina 256 okha, ndipo makina osamutsidwa kuchoka pa waya wina kupita pa wina ankafunika kutchedwa dzina latsopano. Mu 1980 makampani atatu, Xerox, Intel ndi Digital Equipment Corporation, adagwirizana zoti dzinalo likhale la ma bit 48. Kutalika kumeneku kumapatsa mayina 281,474,976,710,656. Cholinga chidali chakuti chida chilichonse chituluke ku fakitale chili kale ndi dzina limene palibe chinzake pa dziko lonse chili nalo. N'chifukwa chake lero kompyuta yogulidwa ku Limbe ndi ina yoperekedwa ndi abwenzi a ku Germany zimatha kuikidwa pa tebulo limodzi m'sukulu nkumamvana popanda munthu wozilembera mayina. Dzina limeneli akatswiri amalitcha MAC address. Ife tizingoti nambala ya MAC.

Nambalayi imalembedwa ndi zilembo 12, zotengedwa pa 0 mpaka 9 ndi pa A mpaka F, zoikidwa ziwiriziwiri, mwachitsanzo B8:27:EB:4A:10:C3. Zilembo zisanu ndi chimodzi zoyamba zili ngati mfunda. Monga momwe Phiri ndi Banda zimauzira munthu kumene mnzake adachokera, zilembozi zimaulula kampani imene idapanga chidacho. Bungwe la akatswiri la IEEE, limene likulu lake lili ku America, ndilo limasunga kaundula wa mifundayi ndi kuigawira makampani. Nambala yoyamba ndi B8:27:EB ndi ya timakompyuta ta Raspberry Pi, ndipo yoyamba ndi 00:00:0C ndi ya kampani ya Cisco. Zilembo zisanu ndi chimodzi zotsalazo ndi dzina la mwana m'banjamo, ndipo mfunda umodzi wotere umakwana ana 16,777,216.

Awerengi azindikire kuti dzinali ndi la khomo lolowera uthenga, osati la kompyuta yonse. Laputopu yokhala ndi bowo lolowetsa waya ndiponso Wi-Fi ili ndi manambala a MAC awiri. Pa rauta ndi pa zida zina zambiri nambalayi imalembedwanso pa kapepala komatidwa kunsi kapena kumbuyo.

Uthenga suyenda pa waya wonse nthawi imodzi. Umadulidwa m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kalikonse kamaikidwa mu envulopu yakeyake. Pamwamba pa envulopu pamayamba nambala ya wolandira, kuti makina amene si eni ake aitaye msanga osataya nthawi kuwerenga zotsalazo. Kenaka pamabwera nambala ya wotumiza, ndi kachizindikiro konena mtundu wa katundu amene ali m'kati. Katunduyo amakhala wa ma byte 46 mpaka 1500, byte imodzi kukhala ma bit 8, motero chithunzi chimodzi cha pa foni chimatha kufuna maenvulopu mazana kapena zikwi. Kumapeto kumakhala samu yaing'ono yochokera pa zonse zolembedwazo. Wolandira amaiwerengeranso, ndipo yankho likasiyana amadziwa kuti china chaonongeka m'njira nataya envulopuyo.

Waya mmodzi wautali uja adatha ntchito. Kuyambira cha mu 1990 makina aliwonse adayamba kukhala ndi waya wawowawo, wa timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri, amene sayenera kupitirira mamita 100. Mawaya onsewa amakumana m'kabokosi ka mabowo ambiri kotchedwa switch. Kabokosika kamaphunzira mayina monga amachitira mphunzitsi wofika kumene m'kalasi. Poyamba sikadziwa aliyense. Envulopu ikalowa pa bowo lachitatu, kamawerenga nambala ya wotumiza nkulemba m'kabuku kake kuti uje amakhala pa bowo lachitatu. Ikabwera envulopu ya munthu amene sikanamumvepo, kamaitumiza ku mabowo ena onse, ndipo mwini wake akayankha kamalembanso malo ake. Posakhalitsa uthenga uliwonse umapita pa khomo loyenera lokha. Makina akakhala chete kwa mphindi ngati zisanu, dzina lawo limafafanizidwa, kuti osamuka asamafunidwe pa malo akale.

Tsono wina afunsa: ngati chida chilichonse chili ndi dzina lakelake pa dziko lonse, dzina lachiwiri n'lachiyani? Yankho lili ku positi ofesi. Kudziwa kuti munthu ndi Naphiri wakutiwakuti sikuthandiza wosankha makalata ku Blantyre kudziwa thumba loikamo kalata yake. Nambala ya MAC imanena amene adapanga chida, koma sinena kumene chidacho chili. Dzina lachiwiri, lotchedwa keyala ya IP, ndilo limanena malo. Mtundu wake wodziwika kwambiri umalembedwa ndi manambala anayi, monga 192.168.1.20. Chigawo choyamba chimaloza mudzi wa makinawo, chotsalacho chimaloza nyumba. Kawirikawiri keyalayi imachita kubwerekedwa kwa rauta kwa kanthawi, ndipo laputopu ikachoka ku sukulu kupita ku ofesi imalandira keyala ina pamene nambala yake ya MAC ikhala yomweyo.

Mmene mayina awiriwa amakumanira n'zimene aliyense wokulira kumudzi adaziona. Mabanja ambiri ankalandirira makalata pa bokosi la sukulu kapena la mpingo. Nambala ya bokosi inkafikitsa kalata kuchokera ku Johannesburg mpaka ku positi ofesi, koma gawo lotsiriza la ulendo linkatha ndi pakamwa: mphunzitsi wamkulu ankaima pamzere nkufunsa mwini kalata, mwana wa m'banjalo nkukweza dzanja. Makina amachita chimodzimodzi. Mu November 1982 David Plummer wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT adalemba njira yotchedwa ARP. Kompyuta yofuna kutumiza ntchito ku pulinta imadziwa keyala ya IP ya pulintayo, koma envulopu ikufuna nambala ya MAC. Motero imalemba envulopu yopita kwa onse, imene nambala yake ndi FF:FF:FF:FF:FF:FF, nifunsa kuti mwini keyala yakutiyakuti ndani. Onse amamva, koma mwini yekha ndiye amayankha ndi nambala yake. Wofunsayo amasunga yankholo kwa kanthawi kuti asamafuule pafupipafupi. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo makinawa sachita manyazi kufunsa kambirimbiri pa tsiku. Mtundu watsopano wa keyala, wotchedwa IPv6, uli ndi kafunsidwe kake kena, koma cholinga chake n'chomwecho.

Nanga keyala ikakhala ya mudzi wina? Pamenepo kompyuta imalemba pa envulopu nambala ya MAC ya rauta, amene ali ngati mtengatenga woima pa chipata. Rauta imang'amba envulopuyo, imawerenga keyala ya IP imene ili m'kati, nkuika katunduyo mu envulopu ina yopita kwa rauta yotsatira. Zimatero pa chipata chilichonse, kudutsa m'mawaya a galasi opita ku magombe a Mozambique ndi Tanzania, kumene amakumana ndi mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM wa 2009 ndi EASSy wa 2010. Chotsatira chake n'chakuti nambala ya MAC siituluka m'mudzi mwake. Makina a ku London amene mukulankhula nawo saiona. Amene waberedwa laputopu asanamizidwe ndi munthu wolonjeza kuti aipeza pa intaneti ndi nambala ya MAC. Nambalayo imathandiza kuizindikira laputopuyo ikagwidwa m'manja, kapena ikalumikizidwanso pa netiweki imene mukuiyang'anira.

Tikudziwa kuti ena anena kuti zonsezi n'za m'tauni, pakuti kwa Chembe anthu amadya za m'madzi, ndipo intaneti imene amaidziwa ndi ya pa foni yopanda waya. Maganizo amenewa ndi olakwa. Wi-Fi imagwiritsa ntchito manambala a MAC a mtundu womwewo, ndipo kuseri kwa kabokosi ka Wi-Fi kawirikawiri kumakhala waya. Chikhazikitsireni nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park mu 1980, ndi kulembedwa kwake m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse mu 1984, gombe la Chembe lakhala likulandira alendo odzaona mbuna ku Thumbi ndi ku Domwe. Nyumba zogona alendozi zimadalira netiweki polandira mauthenga a ofuna malo ndiponso malipiro. Chipatala, sukulu ndi maofesi a ku Monkey Bay ndi ku boma la Mangochi nazonso zikunka zilowa m'njira yomweyo. Kulikonse kumene kuli makompyuta awiri ndi pulinta imodzi, nkhani ya mayina a makina yafika kale.

Dziko lathu lili ndi zitsanzo zake zoonetsa zimene waya angachite m'manja mwa anthu omumvetsa. Mu 2001 bungwe la Baobab Health lidayamba kuika pa chipatala chachikulu cha mu Lilongwe timakompyuta tolembera odwala pongokhudza ndi chala, ndipo m'zaka zotsatira njirayi idafalikira ku zipatala zambiri zopereka mankhwala otalikitsa moyo. Makina awo adakonzedwa kuti azilandira magetsi kudzera mu waya yemweyo wonyamula uthenga, kuchokera ku mabatire osungidwa malo amodzi, kuti magetsi akazima ntchito isaime. Mu 2008 mu Blantyre mudatsegulidwa malo otchedwa Malawi Internet Exchange, kumene makampani a intaneti amapatsirana mauthenga a m'dziko momwemuno kuti asamazungulire kunja. Mtima wa malo oterowo ndi switch, yogwira ntchito ndi mfundo zomwe tafotokozazi. Mwana wodziwa kabokosi ka mabowo asanu ndi atatu ka m'sukulu wayamba kale kudziwa chachikulucho.

Taonani mavuto amene amaimitsa ntchito m'maofesi ang'onoang'ono. Pulinta imene dzulo inkagwira ntchito lero yasowa, chifukwa rauta yaibwereka keyala ina. Mankhwala ake ndi kuuza rauta kuti nambala ya MAC ya pulintayo izilandira keyala imodzimodzi masiku onse. Makompyuta awiri apatsidwa keyala imodzi ndi munthu wosasamala, ndipo onse akudukizaduka. Wodziwa amayang'ana manambala a MAC amene akuyankhira keyalayo, naona mfunda wake, napeza wolakwa. Wina pokonza m'chipinda walowetsa mbali zonse ziwiri za waya mmodzi m'kabokosi kamodzi, ndipo maenvulopu opita kwa onse akuzungulira kosatha mpaka netiweki yonse yatsamwa. Radia Perlman adapeza njira yoletsera zoterezi mu 1985, koma timabokosi tambiri totsika mtengo tilibe nzeru imeneyo, motero pamafunika maso a munthu. Wina wakoka waya mamita 150 kupita ku nyumba ya aphunzitsi nadabwa kuti uthenga ukufika mwa apo ndi apo.

Palibe limodzi mwa mavuto amenewa lofuna digiri. Komabe chifukwa cha iwo ofesi imatha kuima masiku angapo kudikira katswiri wakutali, amene ayenera kulipiridwa ulendo, chakudya ndi malo ogona, nadutsa msewu wa m'mapiri wotsikira kunyanja kudzagwira ntchito ya mphindi khumi. Sitikunyoza akatswiriwo, pakuti ntchito zazikulu zidzawafunabe. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndalama zimene zimapita pa maulendo otere zikadatha kukhala malipiro a mnyamata kapena msungwana wa m'mudzi momwemo, amene adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo akusowa chochita.

Chifukwa chathu chachiwiri n'cholemera koposa. Njira ya ARP idalembedwa nthawi imene makina olumikizana adali ochepa ndipo eni ake ankadziwana, motero imakhulupirira aliyense woyankha. Munthu wa mtima woipa amene walowetsa makina ake pa netiweki atha kuyankha kuti keyala ya rauta ndi yake, ndipo makompyuta ena adzayamba kumupatsira mauthenga awo osadziwa kanthu. Kuwonjezera apo, ngakhale nambala ya MAC imalembedwa ku fakitale, kompyuta itha kuuzidwa kuti izitchula nambala ina, ndipo kuchita zimenezi sikutenga mphindi zambiri. Mwini ofesi amene walemba mndandanda wa manambala ololedwa kulowa wachita bwino, koma wangomanga mpanda wa udzu, umene umaletsa mbuzi osati mbala. Chitetezo chenicheni chimafuna mawu achinsinsi olimba, mauthenga obisidwa mwa masamu kuti wowagwira m'njira asawawerenge, ndi kutseka mabowo a pakhoma amene sakugwira ntchito.

Apa pali nkhani ya chilungamo imene aphunzitsi akulu ayenera kuimva. Tsiku lidzafika pamene china choipa chidzachitika pa netiweki ya sukulu, kaya kuba mafunso a mayeso kaya kutumiza chipongwe, ndipo wina adzabwera ndi pepala loonetsa kuti nambala yakutiyakuti ndiyo idachita. Nambala imeneyo ikuloza chida, ndipo mwina chida chonamizira. Siikunena amene adakhala pampando. Chiphaso cha unzika, chimene Amalawi oposa 9 miliyoni adalembetsa mu 2017, chili ndi chithunzi cha nkhope ndipo chidatengera zidindo za zala. Nambala ya MAC ilibe nkhope, ilibe chala. Lamulo la 2016 loona za malonda a pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo, ndipo wolakwa ayenera kulangidwa ndithu. Koma kuchotsa mwana sukulu, kapena wantchito pa ntchito, chifukwa cha nambala yokha popanda umboni wina, ndi kuweruza mlandu ndi mboni imene imabwereza chilichonse chimene yauzidwa.

Dzina losasintha lili ndi vuto linanso. Foni imene imatchula nambala imodzimodzi kulikonse kumene ipita imasiya mapazi, ndipo wosonkhanitsa mapaziwo atha kudziwa kumene mwini wake amayenda. Pa chifukwa chimenechi kampani ya Apple idayamba mu 2014 kupangitsa mafoni ake kutchula manambala opeka pofunafuna Wi-Fi, mafoni a Android 10 adayamba mu 2019 kupatsa netiweki iliyonse nambala yakeyake yopeka, ndipo Apple idachitanso chimodzimodzi mu 2020. Nambala yosachokera ku fakitale imadziwika ndi chilembo chake chachiwiri, chimene chimakhala 2, 6, A kapena E. Woyang'anira netiweki asaone ngati chinyengo akaona zimenezi pa foni ya mlendo. Akumbukirenso kuti rauta yake imasunga mbiri ya amene adalowa ndi nthawi imene adalowera, ndipo kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu zosungidwa ndi ena. Zimene rauta yaona si nkhani yokambira pa bawo.

Tsono tikupempha zinthu zinayi. Choyamba chikupita kwa aphunzitsi. Phunziro ili silifuna intaneti ngakhale pang'ono. Makompyuta atatu, switch imodzi ndi mawaya atatu n'zokwanira. Pa kompyuta ya Windows mwana alembe getmac, aone dzina la makina ake. Alembe ipconfig, aone keyala. Aitane kompyuta ya mnzake ndi ping, kenaka alembe arp -a, ndipo adzaona ndi maso ake mayina awiri a mnzakeyo atagundizana pa mzere umodzi. Mphunzitsi azule waya mmodzi, kapena apatse makina awiri keyala imodzi mwadala, nauze anawo kuti apeze chavuta. Kumene kulibe magetsi ana atha kusewera okha: mmodzi akhale switch ndi kope m'manja, ena akhale makompyuta opatsirana timapepala tolembedwa mayina awiri. Asungwana asaikidwe kumbuyo pa phunziroli, pakuti njira imene imaletsa netiweki zazikulu kutsamwa idapezedwa ndi mayi.

Chachiwiri chikupita kwa aphunzitsi akulu, akomiti a sukulu ndi eni nyumba za alendo. Gulani kope limodzi la chikuto cholimba. Lembanimo chida chilichonse, nambala yake ya ku fakitale, manambala ake a MAC, chipinda chimene chili ndi bowo limene waya wake walowa. Matani kapepala ka nambala ku mbali zonse ziwiri za waya aliyense. Msodzi amadziwa ukonde wake pakati pa maukonde makumi oyanikidwa pa mchenga, nanga sukulu ilepherenji kudziwa makina ake khumi? Kope limeneli lidzafupikitsa ntchito ya wokonza, ndipo lidzathandiza apolisi tsiku la kuba.

Chachitatu chikupita kwa abwenzi opereka makompyuta ndi kwa mabungwe a maphunziro a ntchito zamanja. Mphatso ya makina isiyidwe pamodzi ndi chithunzi cha mmene mawaya ayendera, mawu achinsinsi a rauta, ndi anthu awiri a pamalopo ophunzitsidwa kukonza. Chipinda cha makompyuta chimene chinsinsi chake chidakwera ndege ndi wochimanga chimasanduka nkhokwe ya fumbi. Bungwe la TEVETA, limene lakhala likuyang'anira maphunziro a luso kuyambira 1999, pamodzi ndi makoleji a m'madera, aone kuti kulumikiza ndi kukonza netiweki kufike ku magombe monga momwe ukalipentala ndi umakaniko zidafikira.

Chachinayi chikupita kwa inu amene mwangotsiriza sukulu. Musadikire kuti wina akuitaneni. Pemphani chilolezo kwa mwini makina musanakhudze kanthu, pakuti luso lopanda mwambo limathera ku ndende. Phunzirani kudula waya ndi kumanga mutu wake, timawaya 8 tonse m'malo mwake. Phunzirani kufunsa mafunso motsatana: kodi kanyali ka pa bowo kakuyaka, kodi makina ali ndi keyala, kodi mnansi akuyankha, kodi rauta ikuyankha? Amene amafunsa mafunso anayiwa mofatsa amapeza mavuto ambiri asanatsegule chikwama cha zida.

Mafoni amasintha maonekedwe chaka ndi chaka, ndipo mapulogalamu amene ana akuloweza lero mwina adzakhala ataiwalika iwo asanakwatire. Koma dzina la ma bit 48 limene makampani atatu aja adagwirizana mu 1980 likadali pa envulopu iliyonse yoyenda pa Ethernet, ngakhale liwiro la wayayo lakula kambirimbiri. Mu 2023, patapita zaka 50 chilembereni chikalata chake, Robert Metcalfe adalengezedwa kuti wapata mphotho ya Turing, imene ndi yapamwamba koposa pa za makompyuta. Nzeru yokhalitsa chotere ndiyo yoyenera kuiphunzitsa m'kalasi. M'mera mpoyamba: teremu ikubwerayi, mphunzitsi aliyense wokhala ndi makompyuta awiri ndi waya mmodzi ayambe ndi kuuza ana kuti apeze mayina a makinawo.